Chaka Chimene Ndinanong'ona Chifukwa cha Nkhunda

Ine mawu anga ndi aakulu. Ndinabadwa nawo, sindinachite kupempha kwa munthu. Ndikaitana ndili pakhomo panga, amene ali kudimba tsidya la Rivirivi amatembenuka. Pamaliro pakafunika kuuza anthu kuti akhale pansi mwambo uyambe, amafunafuna ine. Sukulu ndinalekeza kalasi yachiwiri, ndipo izi mukuwerengazi ndazilemba pang'onopang'ono ngati munthu wolima pamiyala. Koma pa nkhani ya nkhunda, panalibe mphunzitsi woti n'kundiuza kanthu. Ndinkatero ine.

Nkhunda ndinayamba kuweta ndisanakwatire. Tsiku lobwera kudzakhala chikamwini kuno kwa mayi a kunyumba, ndinafika ndi khasu, bulangete limodzi, ndi nkhunda ziwiri m'dengu. Kuchokera pamenepo khola langa silinakhalepo lopanda kanthu. Mlendo akabwera, maunda awiri. Wodwala akakana zakudya, msuzi wa maunda. Anthu ankachokera ku Phalula kudzapempha mbewu kwa ine.

Tsono kwathu kuno aliyense amadziwa chinthu chimodzi: nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu. Mwamuna ndi mkazi akamatukwanana, akamagona moyang'ana kukhoma aliyense kwake, nkhunda zimasamuka. Makolo anatero, ifenso tinakula tikutero. Choncho khola lodzaza ndi mboni yoposa kalata ya kumpingo. Munthu akandinena kuti ndimayankhula ngati ndikukalipa, ndinkangomulozera kukhola. Werenga wekha. Zinalipo zoposa makumi atatu.

Chaka chimene ndikunenachi, mwana wathu wamkazi amene anakwatiwa ku Liwonde anatigulira malata a nyumba. Amisiri atamaliza kukhoma, panatsala malata awiri ndi zidutswa. Mayi anati tisunge, mwina tidzafolerera bafa. Ine ndinati iyayi. Ndigone m'nyumba ya malata ine, nkhunda zanga zili m'udzu? Ndinasasula udzu wonse wa pakhola, n'kukhoma malata pamwamba. Zidutswa zija ndinatchinga nazo m'mbali kuti khoswe asapeze polowera, n'kungosiya timakomo ta nkhunda. Munali mu Julaye, kukuzizira. Khola linkanyezimira moti wodutsa pamsewu wafumbi ankaima kuliyang'ana. M'dera lonse lino panalibe wina wa khola lotero, ndipo ndinkauza aliyense, ngakhale amene sanafunse.

Dzuwa litayamba kukwiya kumapeto a Seputembala, zinthu zinayamba. Poyamba nkhunda zinkasiya mazira osafungatira. Kenako maunda ankafa ali ndi tsiku limodzi kapena awiri. Kenako zikuluzikulu zinayamba kuchepa. Madzulo ndikamwaza mapira ndinkawerenga, n'kuwerenganso. Zina ndinkaziona ndi maso anga zitatera pakhola la munthu wina kumunsi kwa mudzi, zikudya ngati kwawo.

Mudzi sufunsa kawiri. Anthu anaona nkhunda zikusamuka, n'kumva mawu anga aja a masiku onse, basi nkhani yapsa. Mayi akafika pamjigo, amayi anzawo ankasiya macheza. Wina anawafunsa mwachifundo chonyenga kuti, "Anzathu, kunyumba kuli bwinobwino?" Amayi a kutchalitchi anabwera atatu kudzapemphera nawo popanda kuitanidwa. Mapeto ake, tsiku lina m'mawa anatulukira alamu anga, mlongo wawo wa mayi, amenenso ndi nkhoswe ya banja lathu. Anavala jekete kukutentha.

Titakhala pansi pa mtengo wa mango anati, "Alamu, ine sindinabwere ndi mlandu. Ndangoti ndimve. Mlongo wangayu mukukhala naye bwanji?"

"Monga takhalira zaka zonsezi," ndinatero.

"Nanga nkhunda?"

"Kazifunseni nkhundazo."

"Mwaona, ndi zimenezotu. Ndangofunsa pang'ono, mwayamba kale kukalipa."

"Sindikukalipa, alamu, ndikuyankha."

Mayi anali chapatali akusankha nandolo m'lichero. Anati, "Achimwene, bambowa sanandimenyepo, sananditukwanepo. Kukamwa kokhaku ndiye kulibe chitseko." Alamu anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene ankayembekezera, zoti mkazi amabisa za m'nyumba. Anapita osamwa n'thobwa lomwe.

Chinandipweteka kwambiri si nkhunda. Ndi mayi. Munthu amene wasunga ulemu wake mpaka imvi, lero azimuyang'ana ngati womenyedwa wobisa mabala? Anasiya kupita kumjigo m'mawa. Ankadikira masana, dzuwa lili paliwombo, pamene kulibe munthu, ndiye n'kusenza ndowa. Ndikawaona akubwera thukuta lili kamukamu, ndinkasowa poyang'ana.

Ndiye ndinaganiza ndekha kuti kapena nkhunda nazo zikundimva molakwa ngati anthu. Kapena ndi ukalambawu mawu anga asanduka aukali. Ndinayamba kunong'ona. Ine amene. Kupempha madzi, kunong'ona. Kuthamangitsa mbuzi, kunong'ona, mbuzi n'kumangondiyang'ana zikutafuna. Mayi ankachita kuti, "Mwati bwanji?" katatu. Ndinakhala choncho masabata asanu ndi limodzi. Anthu anati, mwaona, chikumbumtima chamugwira mkulu uja. Ndipo nkhunda zinapitirizabe kuchoka.

Tsiku lina la msika ndinapalasa njinga kupita ku Phalula. Kumeneko ndili ndi mnzanga wakalekale, Msilamu wogulitsa nyemba ndi nandolo m'mbali mwa msewu, nayenso woweta nkhunda. Ndinamupatsa moni wonong'ona.

"Achimwene, mwadwala pakhosi?" anandifunsa.

"Iyayi."

"Nanga wailesi yathu ija yatha mabatire?"

Ndinamufotokozera zonse. Sanaseke. Anapukuta manja, n'kutulutsa foni m'thumba la mkanjo. Anati muli gulu m'menemo, la anthu oweta nkhunda okhaokha. Ena a ku Ntaja, ena a ku Ulongwe, ena a ku Utale, ena mpaka ku Joni. Wina akakhala ndi vuto amalinena, anzake n'kumuyankha.

"Ine zolembalemba pafoni sinditha," ndinatero. Foni yotere ndinali nayo, yopatsidwa ndi mwana wathu yemwe uja, koma ndinkangoyankhira akaimba.

"Ndani wakuuzani zolemba? Mukuona kachizindikiro aka? Mudina apa, muyankhula, mukatha muchotsa chala. Basi mawu apita. Gulu limeneli analipangira anthu ngati inu, a pakamwa."

Anandilowetsa pomwepo.

Madzulo ake, titatha kudya kukadali kowala, ine ndi mayi tinakhala pakhonde kumvetsera. Abale, ndinadabwa. Moyo wanga wonse ndinkayesa kuti wopenga ndi nkhunda ndine ndekha. M'menemo munali anthu okangana mozama ngati nkhunda yoyera imaonedwa msanga ndi kabawi kuposa yotuwa. Wina akuyamba ndi salamu, wina ndi dzina la Ambuye, wina Chiyao, wina Chichewa, onse nkhani imodzi. Malamulo analipo awiri: za ndale ayi, zolalikirana ayi. Munali bambo wina wogwira ntchito ku Joni amene alibe n'khola lomwe. Iye pempho lake linali limodzi, loti wina amujambulire kulira kwa nkhunda m'mawa, azimvera popita kuntchito. Ndipo anthu ankamujambulira mosinthana.

Ndinene zoona, sabata yoyamba vuto langa sindinalitchule. Ndinkayankha a anzanga. Wina wa ku Ulongwe anadandaula za utitiri, ine n'kumuuza za phulusa ndi masamba a fodya oyala m'zisa. Patapita masiku anabweranso kudzathokoza, akunditchula kuti agogo a ku Rivirivi. Ndinamvetsera uthenga umenewo kanayi.

Mayi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mukuchiritsa za eni, zanu zatsala zinayi."

"Ndikudikira nthawi yabwino."

"Nthawi yabwino ndi pamene zatsala nthenga? Dinani apo, munene."

Ndinadina, ndinanena. Mayankho anabwera ngati mvula ya matalala. Wina anati ndi likongwe. Wina anati njoka, fufuzani m'zisa. Wina anati pali mnansi amene akuthira mchere m'madzi kuti azikope. Zonsezo ndinali nditaziganiza kale. Wina wa mawu achibwana anati, "Agogo, kapena kunyumbako mukumenyana," n'kuseka. Anzake anamudzudzula, koma ine mtima unali utagwa kale. Ndinati, ngakhale m'foni momwe nkhani ndi yomweyi?

M'mawa mwake munalowa mawu a mayi wina wa ku Kawinga. Ndinali nditawamvapo kale m'gulumo: mayi wolima mpunga, Msilamu, woyankhula mosathamanga. Anati, "Achakulungwa, tatiyeni tione kholalo. Jambulani chithunzi."

Pamenepo ndinasangalala. Ndinati tsopano aone. Ndinasesa pansi pa khola, ndinadikira dzuwa liwale bwino pamalata, ndinajambula mbali yonyezimira kwambiri. Mayi a kunyumba anandithandiza kutumiza. Ndinakhala pansi kudikira kuyamikiridwa.

Yankho la mayi a ku Kawinga linali lalifupi. "Abambo, pepani. Chimenechi ndi khola, kapena uvuni wophikira masikono?"

Kunong'ona kwa masabata asanu ndi limodzi kunathera pomwepo. Ndinadina kachizindikiro kaja n'kutsegula pakamwa ponse. Ndinawauza kuti ndinayamba kuweta nkhunda iwo asanabadwe. Ndinawauza kuti khola limenelo anthu amaima pamsewu kulionerera. Ndinawauza kuti nsanje si chinthu chabwino. Nkhuku zinathawa pabwalo.

 Kenako mayi aja anabweranso, mawu awo osasintha ngakhale pang'ono. "Zaka zanu sindikukana, achakulungwa. Ine ndingopempha chimodzi. Mawa dzuwa likafika paliwombo, mulowetse dzanja m'kholamo. Ndamva ndinu Mkhristu. Munene pemphero lanu lija mumanena tsiku ndi tsiku, dzanja lili momwemo. Mukafika kumapeto, ine ndidzapepesa pamaso pa gulu lonse."

Ndinavomera, kuti ndiwachititse manyazi.

Muyenera kudziwa kuti ine kukhola ndinkapita m'mawa ndi madzulo. Masana ndimakhala kudimba, apo ayi pamthunzi. Zaka zonsezo panalibe chondipititsa kukhola masana, chifukwa udzu unkagwira ntchito yake popanda kundiuza. Tsiku limenelo ndinakwera pamakwerero, dzuwa la Balaka lili pamutu, nkhunda zinayi zija zili mumtengo, milomo ili yasa. Ndinapisa dzanja pakakhomo. Ndinayamba pemphero. Sindinafike ngakhale pakati. Mpweya wa m'menemo unali ngati wa m'ng'anjo ya njerwa, ndipo chigongono chitakhudza lata ndinatsika makwerero osawerenga masitepe.

Mayi anali ataima pansi. Anakwera nawonso, anapisa dzanja, analichotsa msanga. Atatsika anakhala pamtondo, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, ndipo penapake kusekako kunasanduka kwina.

"Ndiye miyezi yonseyi ndakhala ndikupsa ndi dzuwa kumjigo chifukwa cha malata anuwa?"

Ndinapita kukatenga hamala.

Kuzula misomali kunali kosavuta. Chovuta chinali kudina kachizindikiro kaja. Ndinayamba katatu, n'kufufuta. Kachinayi ndinati, "Mayi a ku Kawinga, ndi anzanga nonse, ndine uja wa ku Rivirivi. Pemphero silinathe. Nkhunda zanga ndakhala ndikuziotcha ndekha. Zimene ndinayankhula dzulo, mundikhululukire." Ndinaonjezanso zimene ndinali ndisanawauze, za mudzi, za alamu, za mayi ndi ndowa yawo masana.

Palibe anandiseka, kupatula mnzanga wa ku Phalula, amene anati mabatire a wailesi abwerera. Anthu awiri anaulula kuti nawonso ankasunga malata kuti achite zomwezo ataona chithunzi changa. Mayi a ku Kawinga anangoti, "Zatha, achakulungwa. Tsopano funani udzu."

Udzu mu Novembala ndi wosowa, tchire lonse atatentha. Koma wina wa m'gulumo wa ku Utale anali ndi mitolo yotsala, ndipo ndinakaitenga panjinga maulendo awiri. M'mbali ndinaluka nsungwi, mphepo izidutsa. Pomwe ndinkamaliza, nkhunda zinali zitatsala ziwiri, zonse zamphongo. Khola labwino, koma mbewu palibe. Zimene zinasamuka zinali zitaikira kale kwa eni, ndipo nkhunda yaikira kwina siibwerera.

Ndi mayi a ku Kawinga omwewo amene anati atumiza zisanu ndi imodzi, zazimuna zitatu, zazikazi zitatu. Ndinafunsa kuti ndiwapatse chiyani. Anati, "Palibe. Zikaswana, mudzapatse wina wa m'gulu muno amene khola lake lagwa. Inenso ndinayamba choncho."

Ulendo wa nkhunda zimenezo gulu lonse linauonerera. Zinanyamuka m'katoni yobooledwa, pa kabaza, mpaka ku Ntaja. Kumeneko wina wa m'gulu anazilandira, anazimwetsa madzi, anajambula chithunzi, n'kukwera nazo minibasi ya ku Liwonde, kumene ankapita kale pa zake. Ku Liwonde anapatsira wina wopita ku Balaka. Ameneyo anazikweza galimoto yodzera ku Phalula, atauza mnzanga uja nthawi yoti aime pamsewu. Anthu onsewa sindinawaonepo, ndipo ena mwa iwo sankadziwana nkhope. Pokafika dzuwa litapendeka, katoni inali pakaliyala ya njinga yanga, ikulira.

Nkhunda zachilendo sazitsegulira msanga. Ena m'gulu anati ndizule nthenga za m'mapiko monga timachitira kale. Mayi a ku Kawinga anati iyayi, ingotsekani masabata atatu, muzidyetse nokha, zizolowere dzanja lanu ndi mawu anu. Pa tsiku lotsegula musazipatse kanthu m'mawa. Ndinamvera. Taonani, ine kumvera.

Mudzi unadziwa tsikulo, sindikudziwa kuti unamva kwa yani. M'mawa umenewo njira yodutsa kuseri kwa nyumba yathu inachuluka anthu modabwitsa. Wina akufuna mbuzi yake, wina wabwera kudzabwereka nkhwangwa. Amayi atatu anatula mitolo ya nkhuni poteropo kuti apume. Alamu anabwera poyera, n'kukhala pampando pansi pa mango. Aliyense ankadziwa chimene chikuyesedwa. Zikapita osabwerera, palibe akanamva za malata. Akanati pakhomo paja nkhunda zimakana, ngakhale zochokera ku Machinga.

Ndinatsegula timakomo. Zinatuluka imodziimodzi, zinaima pakathabwa, zinayang'ana uku ndi uku. Kenako zonse pamodzi, phaphapha, m'mwamba. Zinazungulira nyumba kawiri, kachitatu zinakwera kwambiri, n'kulunjika kumtsinje mpaka kusaoneka.

Tinadikira. Ndinali ndi chitini cha mapira m'manja, ndikuchigwedeza pang'onopang'ono, ndikuitana chapansipansi. Mantha anali atandibwerera. Ndinkaopa kuti ndikakweza mawu pamaso pa anthu onsewa, ndipo mbalame zikapanda kubwera, ndiye kuti ndawapatsa umboni ndi manja anga.

Mayi anafika pafupi nane. Sananong'one. Anayankhula kuti a panjira amve.

"Bambo, itanani bwinobwino."

"Ndikuitana."

"Uko n'kuitana? Itanani monga mumaitanira ine ndikakhala kudimba. Zikafuna kuthawa zithawe zitakumvani."

Ndinakoka mpweya. Ndinamenya chitini, ndinaitana ndi mawu onse amene Mulungu anandipatsa. Mwana wa kumbuyo kwa mmodzi wa amayi a nkhuni aja anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Ndinaitananso, ndinamwaza mapira pabwalo.

Zoyamba kutera zinali zamphongo zanga ziwiri zakale. Kenako kuchokera kumtsinje kunabwera timadontho, tikukula. Zinazungulira kamodzi, n'kutera pamapazi anga penipeni. Ndinawerenga mokweza. Zachilendo zinali zisanu. Zitakhuta zinamwa madzi, ndipo ziwiri zinalowa m'khola zokha, popanda wozikusa.

Mayi anatembenukira kumango. "Achimwene, mwawerenga?"

"Ndawerenga, mlongo wanga."

"Mawu aja mwawamvanso?"

"Ndani sanawamve?" anatero alamu akudzitsina khutu. Amayi a nkhuni anaseka, ndipo mmodzi anafuula kuti maunda oyamba akhale ake. Mayi anamuyankha kuti ayambe wabweza lichero limene anabwereka chaka chatha. Anasekanso onse pamodzi, mayi ali pakati pawo.

Yachisanu ndi chimodzi, yamphongo yamawangamawanga, sinabwere. Nditanena m'gulu, ena anati kabawi. Patapita masiku anayi mayi a ku Kawinga anatumiza chithunzi: ili pakhola lawo, ikudya mpunga. Mtunda wonsewo. Anati ameneyu ndi wokonda kwawo, musamuwerengere. Yaikazi imene inasiyidwa sinalire nthawi yaitali, inagwirizana ndi imodzi ya zanga zakale, ndipo ndi imene inayamba kuikira.

Mayi a ku Kawinga nkhope yawo sindinaione mpaka lero. Pachithunzi chawo cha m'foni anaikapo nkhunda. Koma amayankhulana ndi mayi a kunyumba pawokha tsopano, za mbewu ya mpunga ndi za maondo owawa, ndipo foni ikalira nthawi zambiri si yanga. Khola lafika pa khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Sabata yatha bambo wina wa ku Ulongwe ananena m'gulu kuti zake zonse zatha ndi matenda, wasesa khola, wathira phulusa, akungoliyang'ana. Ndamuuza kuti adikire mwezi umodzi kholalo lipume. Zinayi ndazisankha kale. Chatsala n'kupeza katoni yolimba, ndi munthu wolowera kumeneko.